Tinakalira Maliro ku Kalabu ya Maboti

Sunthirani kuno. Inu akumbuyo kokani mpando, ndipo amene muli ndi wailesi pafupi itsitseni kaye, chifukwa nkhani ya sabata ino si yomvera khutu limodzi. Mukudziwa kale kuti ine cholembera sindidziwa kogwira kwake. Ndimangoyankhula m'kafoni kangaka, a nyuzipepala nkumalemba. Ngati penapake pakhota, akhotetsa ndi iwowo.

Loweruka lapitali ndinalowa mu kalabu ya maboti. Ine amene, ndi mpango wanga kumutu ndi beseni la nyemba za kalongonda pamwamba pake.

Mukufunsa kuti ku Thyolo kuno maboti akuyenda pati? Mwafunsa bwino. Nyanja tilibe. Tili ndi tiyi, mapiri, chiperoni, ndi damu la esiteti lomwe anakumba kuti azithirira nazale. Koma anthu olemera akafuna nyanja sadikira Mulungu. Anamanga nyumba ya khonde lalitali m'mphepete mwa damulo, naimika mtengo wa mbendera, nagula timaboti toyenda ndi mphepo, tokhala ndi chinsalu choyera pamwamba ngati wina wayanika zofunda. Kale, Loweruka lililonse ankakwera timabotito, kupita tsidya, kukapeza kuti tsidyalonso kuli tiyi yemweyo, nkubwerera. Nsomba osagwira. Katundu osanyamula. Akatsika nkumaomberana m'manja.

Ife tinkaonera kuchokera kumalaini a antchito, tsidya lina la damulo, tikuchapa.

Mwana wanga Esinati wakhala akuphika pa kalabupo kuyambira ali ndi mwana wake woyamba kumsana. Bambo wa anawo anapita ku Joni, ndipo foni yake inasiya kugwira chaka chomwecho. Choncho zidzukulu zanga zimadya chifukwa cha epuloni ya mayi wawo, palibenso china.

Atabwera matenda aja a Kovidi, kalabu inatsekedwa. Maboti anawavundikira pa kapinga ngati mbale zotsukatsuka. Antchito anauzidwa kuti akadikire kunyumba, adzawaitana. Esinati anadikira akuthyola tiyi waganyu, anadikira akugulitsa nthochi pamsewu ku Bvumbwe, anadikira mpaka mikono yake yonenepa ija inasanduka ngati yanga.

Panthawi yomweyo tinataya a Nakoma.

A Nakoma ndi amene ankasamala mabotiwo. Kutsuka ndi iwo, kupenta ndi iwo, kusoka zinsalu zija zikang'ambika ndi iwo. Anayamba ntchitoyo tsitsi lili bii, matendawo anawapeza lili mbuu. Mukukumbukira mmene tinkaikirana masiku amenewo? Kunabwera anthu ovala zoyera thupi lonse, ngati akukafula njuchi. Thupi m'pulasitiki. Osasambitsa, osagona pasiwa, osaimba. Mkazi wawo, make Fanesi, anaonera patali ataima m'munda wa chinangwa, ife titamugwira m'manja kuti asathamangireko.

A Nakoma anakwiriridwa. Koma kuliridwa sanaliridwe.

Matenda atapita, kalabu inatsegula chitseko mwakachetechete. Esinati anayamba kuitanidwa mwa apo ndi apo. Koma anthu osabwera. Mamembala ena anamwalira, ena anabwerera kwawo kunja, ndipo otsalawo anali atazindikira kuti mowa umakoma chimodzimodzi pakhonde la kunyumba kwako, nsapato utavula. Zinthu zinakwawa choncho mpaka mwezi wathawu, pamene bwana wamkulu wa esiteti, amene amakhala ku Blantyre, anatopa. Anauza amanijala a kalabu, a Kaliwo, kuti achite mwambo waukulu wotsegulanso, aitane aliyense wa galimoto. Iye adzabwera kudzaona yekha. Mipando ikadzakhala yopanda anthu, nyumba ya khonde ija idzasanduka mosungira feteleza, ndipo feteleza safuna womuphikira.

Esinati atandiuza zimenezi sanadye. Sabata yonse yokonzekera anakagonera ku kalabu komweko.

Tsopano mverani pomwe panakhota.

A Kaliwo ndi munthu wa tayi. Ngakhale dzuwa liswe mtengo, tayi ili pakhosi. Tsiku lina akudutsa pagalimoto anaona make Fanesi akuchokera kuchigayo, ndipo mtima wawo unawauza kuti achite chinthu chabwino. Anatsitsa galasi.

“Mayi, Loweruka tili ndi mwambo pa kalabu. Tidzakumbukira onse amene anatisiya ndi matenda aja, ndipo amuna anu tidzawatchulanso. Mubwere.”

Galasi linakwera, galimoto inapita.

Ndikufunseni inu amene munabadwira kumudzi. Mukauza namfedwa kuti mwakonza tsiku lokumbukira mwamuna wake, mwauza anthu angati? Namfedwa amayenda yekha? Anayamba liti?

Make Fanesi anatula ufa pansi nkupita kwa akulu a mpingo. Akulu a mpingo analengeza. Amayi a mvano tinakumana. Uthenga unafika kwa achibale a malemu ku Mphuka, unafika kwa akuchikazi ku Kapichi. Pofika Lachisanu, nyumba za kumalaini zinali zitadzaza alendo, ena obwera pa kabaza, ena wapansi. Aliyense ndi kake: ufa, nkhuni, nandolo, makaka a chinangwa, zigubu za thobwa. Ine ndinaphika kalongonda, chifukwa a Nakoma ankamukonda kuposa nyama.

Ndipo tikayang'ana tsidya, tinkaona chitenti choyera chikuimikidwa, mipando ikuvekedwa nsalu, mbendera itatsitsidwa kufika pakati pa mtengo. Tinkangogwedeza mitu. “Koma a kalabu achita ulemu. Mochedwa, koma achita.”

Loweruka dzuwa litakwera tinanyamuka, amuna patsogolo, ife pambuyo titamuika make Fanesi pakati, tikuimba nyimbo za maliro mwapansipansi.

Pa geti la kalabu pali chikwangwani cha Chingerezi. Akuti chimanena kuti olowa ndi mamembala okha. Ubwino wosadziwa kuwerenga ndi womwewo, zikwangwani sizinayambe zandikhumudwitsapo. Palinso ndowa yosambira m'manja yotsala nthawi ya matenda, yokhala ndi kampopi kake, koma madzi anaumamo kalekale. Inangotsala ngati chipilala.

Ndiye pali mlonda, a Waisoni, munthu wamphamvu zake, wa chibonga m'manja. A Kaliwo anawauza kuti wopanda khadi yoitanira asadutse. Chimene a Kaliwo sankadziwa nchakuti a Waisoni anakwatira Fanesi. Make Fanesi ndi apongozi awo.

Mkamwini angaime pakati pa njira nkuyang'ana apongozi ake m'maso, nkuwafunsa khadi? A Waisoni atangoona mpango wa apongoziwo, chipewa chinatsika, chibonga chinabisala kumbuyo, iwo nkupatukira m'tiyi, nkunjuta, nkhope atayang'ana ku phiri. Geti linatsala lokha, ndipo geti lokha silifunsa munthu.

Tinalowa.

M'chitenti chija munali mipando yambirimbiri, uliwonse utavala nsalu yoyera ndi kariboni kumsana ngati akwati. Anthu okhalapo, mukanatha kuwakweza onse mu minibasi imodzi kondakitala nkumaitanabe ena. Amuna anavala majekete akuda a mabatani onyezimira, amayi magalasi akuda, aliyense ndi kapu m'manja, akuyankhulana monong'ona.

A Kaliwo anatulukira akuthamanga, tayi itagwera paphewa.

“Mayi, awa ndi ndani?”

“Ndi anthu,” anatero make Fanesi.

“Ndikuona kuti ndi anthu. Koma ine ndinaitana inu.”

“Ndabwera. Kapena mumafuna ndidzalire ndekha kachiwiri?”

A Kaliwo anayang'ana khamu lonselo. Kenaka maso awo anagwera pa ine, chifukwa ndinali kutsogolo kwa amayi, ndiponso ine ndi Esinati nkhope ndi imodzi. Anakuwira cha kukhitchini, ndipo mwana wanga anatuluka akupukuta manja.

“Esinati, awa si amayi ako?”

“Ndi iwowo, bwana.”

“Auze atenge gulu lawo abwerere, bwana wamkulu asanatuluke. Akapanda kutero, vula epuloniyo uwatsatire.”

Esinati anandikokera pambali.

“Amayi, mwandipha.”

“Ine ndabwera kumaliro, mwananga.”

“Si maliro awa. Ndi phwando.”

“Phwando? Mbendera ili pakati, anthu avala zakuda, akunong'onezana, ng'oma palibe. Ngati ili ndi phwando, maliro awo amakhala otani?”

“Amayi, musaseke. Ana anga adzadya chiyani?”

M'maganizo ndinaona nkhope za zidzukulu zanga, makamaka kamng'ono kaja kamene kamati kakakhuta nkumadzimenya pamimba kuti tonse timve. Ndinkadziwanso kuti pa amayi a mvano wamkulu ndine. Ndikatembenuka ine, onse atembenuka. Esinati apulumuka, mwina. Koma make Fanesi akanabwerera ndi misozi yake yomweyo imene anaisunga kuyambira m'munda wa chinangwa muja, ndipo tsopano owathamangitsa sakanakhala matenda. Akanakhala ife.

Ndinatula beseni. Ndinayala chitenje pa kapinga wa mamembala okha. Ndinakhala pansi.

Amayi onse anakhala pansi.

Esinati anatseka maso, nayamba kumasula zingwe za epuloni.

Nthawi yomweyo bwana wamkulu anatulukira pakhonde. Munthu wakuda ngati ife tomwe, wamtali, wa mimba yake yaulemu, koma pakamwa pake pamatuluka Chingerezi chokhachokha. Kuyambira m'mawa anali akuyang'ana mipando yopanda anthu ija, nkhope itakwinyika. Tsopano anapeza bwalo lonse ladzaza mpaka kumadzi. Anafunsa a Kaliwo funso lalifupi.

Anthu inu, muziopa munthu wa tayi akapanikizika. A Kaliwo anakonza tayi, namwetulira ngati watola chikwama. Zimene anayankha anandimasulira pambuyo pake Esinati. Akuti: “Bwana, awa ndi anansi athu okondedwa. Ndi ndondomeko yatsopano ya kalabu, yoyandikira anthu a m'dera. Ndinaikonza mwachinsinsi kuti mudzadabwe.”

Anansi okondedwa. Ife amene timathamangitsidwa tikachapira pafupi ndi maboti.

Koma bodza ukalinena pamaso pa bwana, uyenera kulidyetsa ndi kuliveka. A Kaliwo anayamba kuthamanga uku ndi uku. “Takulandirani, khalani pa mipando, agogo bwerani kutsogolo.” Ine amene ndinali wothamangitsidwa mphindi yapitayo ndinasanduka agogo. Amayi tinakana mipando, chifukwa pamaliro mkazi malo ake ndi pansi pafupi ndi namfedwa. Amuna a ku Mphuka ndi ku Kapichi ndi amene anadzaza mipando ya akwati ija, nsapato zamatope zili pa nsalu zoyera. Esinati anamanganso epuloni.

Mwambo unayamba. A Kaliwo anayankhula Chingerezi chachitali, natchula mayina a mamembala amene anapita, pamapeto pake nkutchula a Nakoma. Kenaka anati tonse tiime, tikhale chete.

Tinaima. Tinakhala chete, tikudikira kuti mwina abusa awo akubwera.

Ndisanamalize nkomwe kukonza mpango, a Kaliwo anayang'ana wotchi, nati zikomo, tikhale pansi. Mamembala anakweza makapu.

Make Fanesi anandikoka chitenje.

“Anganga, ayamba liti?”

“Akuti amaliza.”

“Amaliza chiyani?”

“Kulira.”

Anayang'ana maboti aja, atawatembenuza ndi kuwapenta mwatsopano, ali ndandanda m'mphepete mwa madzi. Anayang'ana kanyumba kamalata komwe amuna awo ankasungira maburashi. Kenaka chinatuluka. Si kulira kwa pa mwambo kuja kumene timalira pothandizana. Kunali kulira kwa munthu amene wakhala akumeza chinthu kwa zaka, tsopano chakana kumezeka. Anaitana amuna awo ndi dzina la paubwana, m'Chilomwe, kuwafunsa chifukwa chake anapita osasamba.

Ife tinalandira ndi nyimbo. Amuna anatsatira ndi mawu apansi. Damu lija linanyamula nyimboyo mpaka tsidya, ndipo othyola tiyi kumtunda anaimitsa manja.

Mamembala anasowa koika makapu awo. Ena anayang'ana nsapato, ena anayang'ana a Kaliwo, a Kaliwo anayang'ana bwana wamkulu kuti aone ngati ntchito idakalipo.

Bwana wamkulu sankayang'ana munthu. Anatsika pakhonde paja, nadutsa mpando wake wa khushoni, nakakhala pafupi ndi akulu a mpingo wathu. Ine ndinali pafupi, ndinamva ndi makutu angawa. Chingerezi chonse chija chinathawa. Chimene chinatuluka ndi Chichewa cha kwathu konkuno, chopindika lilime ngati changa.

“Abambo, amayi anga sindinawaike. Ndinali m'chipatala ndi mapaipi m'mphuno. Ndinangopeza mulu wa dothi.”

“Dzina lawo ndani?” anafunsa akulu a mpingo.

Anawauza. Ndipo popemphera, dzina la mayi uja linatchulidwa limodzi ndi la a Nakoma, ngati anthu a pa mudzi umodzi. Bwana analira ngati mwana wa munthu, mamina ndi misozi, mdala wina wa ku Mphuka akumusisita pamsana osadziwa nkomwe kuti akusisita mwini tiyi yense amene tinakhala pakati pake.

Titatha kulira, inafika nthawi ya chakudya.

Ndisakunamizeni, chakudya cha mamembala nchokongola. Kanyama kochepa ngati chikhadabo, atakabaya ndi kamtengo kotokosera m'mano, pamwamba pake kakatsamba. Anyamata a malaya oyera ankayenda nazo m'mathileyi. Mlamu wake wa malemu anatenga kamodzi, natafuna, nagwedeza mutu.

“Mwana wanga, mchere uli bwino. Kawauze ophika kuti ndalawa, atha kupakula.”

A Kaliwo anatuluka thukuta lachiwiri. Anakonzera anthu odya ndi maso, tsopano anali ndi anthu odya ndi mimba. Esinati sanadikire kuuzidwa. Anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

“Amayi, popeza mwabwera, bwerani zenizeni. Zimene mwanyamulazo zilowe muno.”

Amayi a mvano tinalowa m'khitchini ya kalabu ngati kwathu. Nandolo pa mbaula ya magetsi, makaka m'mapoto a azungu, thobwa m'majagi a galasi. Esinati ankalamula ngati msilikali, ine mayi wake nkumangoti inde. Aliyense anadya, ndipo anadya nkukhuta. Ndinaona mayi wina wa magalasi akuda akubaya kalongonda wanga ndi foloko, mmodzimmodzi, kenaka anayang'ana uku ndi uku nkutenga supuni.

Dzuwa litapendeka, bwana wamkulu anafunsa make Fanesi ngati pali chimene angafune. Ife tinkayembekezera kuti atchula malata, pakuti nyumba yawo imadontha. Iwo analoza boti.

“Amuna anga anatha moyo wawo akutsuka chimenechi. Ndikufuna ndione chimene chimakoma.”

Membala wina wa kabudula anawakweza. Chinsalu chinakwera, boti linayenda bwinobwino mpaka pakati pa damu. Pamenepo mphepo inati yatopa. Anakhala pamenepo, membala akukoka chingwe ichi ndi icho, make Fanesi ali phee, manja pamiyendo ngati ali mu tchalitchi. Anabwerera mochita kupalasa ndi kathabwa.

Atatsika tinawazungulira.

“Zinali bwanji, achemwali?”

“Kumeneko kulibe kanthu. Umangokhala.” Anacheukira botilo. “Koma mkati mwake ndi mosalala bwino. Ankadziwa kupala, bambo aja.”

Tsopano ndiyankhule ndi inu, eni makalabu, eni mahotela, eni malo a zisangalalo, amene masiku ano mukumveka pa wailesi kuti bizinesi yadzukanso. Yadzuka, tamva, tikuthokoza. Mwapenta makoma. Mwagula matenti. Mwasintha mayina a zakudya. Koma amene ankakutsukirani maboti, kukuchapirani nsalu za patebulo, kukuotcherani nyama, munawafunsapo kuti iwo adzuka? Kapena mumaganiza kuti munawavundikira pa kapinga pamodzi ndi maboti, ndipo mukawatembenuza muwapeza ali chimodzimodzi?

Mumati ntchito yanu ndi yolandira alendo. Munapita kusukulu kukaphunzira zimenezo, ena mpaka kunja. Ndiye kulandira alendo kwake nkumeneku, koyamba ndi mlonda wa chibonga? Mlendo amene mwamusankha kale, mwamutumizira khadi, mwadziwa kuti adya tizidutswa tingati, ameneyo ndi mlendo kapena ndi kasitomala?

Ndipo musaganize kuti ndikunena olemera okha. Matendawa anatiphunzitsa tonse kuwerenga anthu pakhomo, ndipo ena takana kuiwala. Masiku ano ngakhale kumalaini kuno ukwati wayamba kukhala wa makhadi. Mwana amene unamutawasa ndi manja ako, tsiku la ukwati wake ukupeza mnyamata pakhomo la holo akufunsa kuti mwaitanidwa ndi ndani. Kale tinkatseka zitseko poopa kufa. Lero tikutseka poopa chiyani, mpunga kutha?

Ndipo kulira kwa pa wotchi kuja, ndani anakuphunzitsani? Anthu munataya amayi anu, amuna anu, anzanu omwa nawo, nkuganiza kuti muima chete kanthawi kosakwana kuwiritsa dzira, basi zatha, bweretsani mabotolo. Nchifukwa chake maphwando anu akuoneka ngati maliro. Muli ndi maliro m'mimba amene simunawatulutse, ndiye mukudabwa kuti anthu sakubwera kudzavina.

Mwina mukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji.

Bwana wamkulu asanakwere galimoto anasamba kumaso, Chingerezi nkubwerera. Analengeza kuti kalabu sitsekedwa, chifukwa yaonetsa kuti ikhoza kukopa khamu la anthu. Za misozi sanatchule. Mabwana salira, amaona mwayi wa malonda. Anati kuyambira tsopano malowo azibwereketsedwa pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano, ndipo wophika amene wadyetsa anthu onsewa popanda wodandaula asamaitanidwenso mwa apo ndi apo, alembedwe ntchito yokhazikika. Feteleza akafune kwina kogona.

Esinati ndiye ameneyo, ali ndi epuloni yatsopano. Anakhala masiku angapo osandiyankhula. Dzulo wanditumizira shuga kudzera mwa mdzukulu, ndi uthenga woti tsiku lina ndikadzafuna kumupha ndidzayambe ndamuuza.

A Kaliwo ayamikiridwa chifukwa cha ndondomeko yawo yachinsinsi. Ndikumva kuti akuifotokoza kwa amanijala anzawo, mmene anaiganizira, mmene anasowera tulo poikonza. Kalongonda wamuika pa mndandanda wa zakudya za kalabu, ndi dzina lina la Chingerezi loti ngakhale kalongondayo sangadzizindikire.

A Waisoni anawachotsa pa geti chifukwa chothawa ntchito. Anawapititsa kukalondera nazale, komwe kulibe apongozi odutsa. Akuti akugona bwino kuposa kale.

Make Fanesi anavula chakuda chimene anakhala nacho mumtima. Lamulungu anaimba kwaya koyamba chimwalirire amuna awo. Nyumba ikudonthabe.

Ine ndinaiwala beseni langa kukhitchini kuja. Lachinayi ndinapita kukalitenga. Pa geti ndinapeza mlonda watsopano, mlendo kuno, wopanda mpongozi ndi mmodzi yemwe m'boma lonse la Thyolo. A Kaliwo anaphunzirapo kanthu ndithu. Pambali pa chikwangwani chakale chija apachikapo china chachikulu, cha mitundu, choitanira anthu kudzachitira zisangalalo zawo pa kalabu. Ndipo pachithunzi chake pali ndani? Ine. Ndili pa kapinga, jagi ya thobwa m'manja, kumbuyo kwanga maboti ndi khamu la anthu, mano onse amene ndatsala nawo ali panja.

“Agogo, muli ndi khadi?” anatero mlonda.

“Ndilibe, mwananga. Koma taona pamwambapo.”

Anayang'ana chithunzi, nayang'ana ine, nayang'ananso chithunzi.

“Ndi inuyo ndithu. Nanga alemba kuti chiyani, mukudziwa?”

“Undiwerengere.”

“Alemba kuti pano aliyense ndi wolandiridwa.”

“Ndiye nditsegulire.”

“Sindingathe, agogo. Ndi mamembala okha.”

Beseni anachita kundipatsira pamwamba pa geti.

Ndiye a Kaliwo, popeza ndikudziwa kuti nyuzipepala mumawerenga, ndiyankheni pano pa anthu. Tsiku limene mipando yanu ya akwati idzakhalenso yokha, bwana ali pakhonde akuiyang'ana, mudzakhazikapo chithunzi changa?